Usiku Umene Khoswe Adafuna Kutilanda Mawu a Amayi

Ukwati wa mwana wathu wachiwiri udatha Lamlungu, koma pofika Lachiwiri madzulo nyumba yathu kuno ku Nkhotakota idali ikadadzaza ndi alendo. Udali mwezi wa October, nthawi ija dzuwa limaswa mtengo, pamene ngakhale kamphepo kochokera kunyanja kamafika pakhomo kali kofunda. Mwana wanga wachisamba, amene amagwira ntchito m'sitolo ina ku Johannesburg, adayenera kunyamuka 5 koloko m'mawa wa Lachitatu kuti akapeze basi yake ku Lilongwe. Tikiti adali atadula kale, ndipo abwana ake adali atamuuza tsiku loti akapezeke pantchito. Nkhani imene ndikufuna kukusimbirani, owerenga anzanga, ndi ya maola 10 amene adali pakati pa chakudya chamadzulo ndi kunyamuka kwakeko.

M'laputopu mwake mudali chuma cha banja lonse. Mudali makanema a ukwatiwo, zithunzi za zaka zambiri, ndiponso chinthu chimene ine ndidachiika patsogolo mumtima mwanga, ndicho mawu a malemu amayi anga. Chaka chimene adabwera kutchuthi agogo akewo asanatisiye, mnyamatayu ankakhala nawo pakhonde madzulo alionse, foni ili pamphasa, iwo akusimba za makedzana. Adasimba za kumene makolo athu adachokera, maina a azigogo amene ife tidawaiwala kalekale, njala ya 1949, ndi tsiku limene adaona sitima ya Ilala koyamba ali buthu, itangoyamba kumene kuyenda panyanja m'chaka cha 1951. Foni imene idajambula mawuwo idabedwa. Choncho mawu a amayi adatsala pamalo amodzi okha padziko lonse, m'kamakina koyenda m'chikwama, kodutsa zipata zitatu za m'malire pabasi, kamene kangagwe, kunyowa kapena kubedwanso tsiku lililonse.

"Mwanawe, usachoke pakhomo pano usanandisiyire zonsezi m'kompyuta yanga," ndidamuuza.

"Musadandaule ababa, imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa," adayankha choncho akuseka.

Kompyuta yanga ndi ya patebulo, yakale ndithu, ndipo imakhala m'chipinda chakuseri mmene ndimalembera za kagolosale kathu. Rauta, kabokosi kaja kamene kamagawa intaneti m'nyumba, imakhala pabalaza. Pakati pa ziwirizi pali nthambo ya mamita 15 imene mnyamata yemweyu adaiyendetsa pamwamba pa khoma, kutsata mitengo ya denga, zaka zinayi zapitazo. Titawerengetsa katundu yense wofunika kusamutsa, adakwana 150 GB.

Masana a tsikulo mnyamatayo adayamba ndi njira imene adaizolowera kumene amakhala. Adayamba kukweza mafayilo pa Google Drive kuti ine ndiwatsitse m'kompyuta yanga. Pasanathe maola atatu bandulo yathu ya mwezi wonse idatha, alendo nayamba kufunsa chimene chavuta ndi WhatsApp. Apa m'pamene ndidaphunzira phunziro loyamba. Intaneti ndi chinthu china, netiweki ya m'nyumba ndi chinanso. Ukatumiza fayilo kudzera pa Google Drive kapena WhatsApp, imatuluka m'nyumba, kupita ku nsanja ya mafoni, kuwoloka nyanja zikuluzikulu mpaka kumakina a kampaniyo, kenako n'kubwereranso njira yomweyo, ndipo ulendo wopita ndi wobwerera womwe umadya bandulo. Zili ngati kutumiza mchere kwa mnansi wako wa kuseri kwa mpanda podzera ku positi ofesi ya ku Blantyre. Komanso malo aulere pa Google Drive ndi 15 GB basi, kotero kuti katundu wathuyo sakadakwanamo ngakhale bandulo ikadakhala yosatha.

Tidayesa fulashi. Imene idapezeka m'nyumba idali ya 16 GB, ndipo titaiika kanema wamkulu wa ukwati idakana, n'kunena kuti fayiloyo yakula kwambiri, chonsecho malo adalimo. Chifukwa chake tidachidziwa pambuyo pake. Mafulashi ambiri ang'onoang'ono amabwera atakonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, imene silandira fayilo imodzi yofika 4 GB. Kuti ilandire, uyenera kuikonzanso m'njira ya exFAT kapena NTFS, ndipo kutero kumafufuta zonse zimene zilimo. Ngakhale tikadatero, maulendo akadakhala 10 kapena kuposerapo, ndipo kafulashiko kadali kaulesi polemba. Masitolo a paboma adali atatseka. Tidaiika pambali.

Itakwana 7 koloko madzulo, titagula kabandulo kena kotonthozera alendo, mnyamatayo adatsegula njira yoyenera. Adalola chikwatu chimodzi cha m'kompyuta yanga kuti chioneke pa netiweki ya m'nyumba, nayamba kukoperamo mafayilo kuchokera m'laputopu mwake. Njira imeneyi sidya bandulo ngakhale pang'ono, pakuti katundu amangodutsa pa rauta osatuluka panja. Ndidasangalala. Koma titayang'ana pa sikirini, liwiro lidali 1 MB pa sekondi, ndipo pansi pake padalembedwa kuti kwatsala pafupifupi masiku awiri. Ndidatenga pensulo, poti ndidaphunzitsapo masamu kupulaimale. Katundu wa 150 GB ndi 150,000 MB, ndipo pa liwiro limenelo ndi masekondi 150,000, amene ndi maola pafupifupi 42. Ife tidali ndi maola 10.

Ine ndidayamba kunyoza kampani imene timagulako bandulo. Mnyamata uja adayamba kunyoza kompyuta yanga, nati ndi chiphakasa choyenera kutaya. Adakatenga bokosi la rauta n'kundionetsa pamene padalembedwa 300 Mbps. "Onani ababa, rauta iyi imatha 300 pa sekondi. Vuto ndi makina anu okalambawa."

Pakhomo pathu timakhala ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 4, amene patchuthi amathandiza pa kasitolo kena kosindikiza zikalata paboma. Nthawi yonseyi adali akutsuka mbale, ndipo palibe amene adaganiza zomufunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo ife phulalo tidali titalidya kuyambira masana. Adabwera akupukuta manja pachitenje, nagwada pambali pa mpando wanga.

"Amalume, mundilole ndinenepo. Asuweni angawa ku Johannesburg adangophunzirako kuvala nsapato zosongoka."

Tonse tidaseka, poti chisuweni n'chomwecho. Kenako adaloza pabokosi paja. Adati tione kuti apo adalemba Mbps, ndi b wamng'ono, pamene pa sikirini akulemba MB, ndi B wamkulu. Wamng'onoyo amaimira bit, wamkuluyo byte, ndipo ma bit 8 ndiwo amapanga byte imodzi. Ogulitsa marauta amawerenga ma bit, pamene kompyuta pokopera mafayilo imawerenga ma byte. Choncho 300 wa pabokosi ukamugawa ndi 8 amatsala 37 ndi theka. Ndiponso nambala ya pabokosi ndi ya malo abwino kotheratu, popanda khoma kapena chosokoneza chilichonse, ndipo pa Wi-Fi gawo lalikulu, kawirikawiri theka, limathera pa malonje a makina okhaokha: kufunsana, kuyankhana, ndi kubwereza zimene sizidamveke.

"Komabe 1 MB yachepa kwambiri. Tiyeni tiyambe kufufuza, koma tisinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza," adatero.

Choyamba adafunsa kuti laputopu ikufuna chiyani pakhonde. Mnyamata uja adali atakhala nayo panja pothawa kutentha, ndipo pakati pa iye ndi rauta padali makoma awiri a njerwa zootcha. Mafunde a Wi-Fi amafooka akamadutsa njerwa, konkire, malata ndi madzi, ndipo akafooka makina amatsitsa okha liwiro kuti amvane. Chachiwiri adatsegula tsamba la rauta n'kuwerenga mafoni amene adali pa Wi-Fi yathu. Adapezeka 14. Adatifotokozera kuti Wi-Fi ili ngati bwalo la milandu kwa amfumu, pamene amayankhula munthu mmodzi pa nthawi imodzi ena onse ali chete. Foni imene ili kutali imayankhula mwachibwibwi, kubwerezabwereza, ndipo onse amaidikira mpaka imalize.

Kuuza apongozi ndi azakhali kuti azimitse Wi-Fi pa mafoni awo si nkhani yamasewera. Ntchito imeneyi adaigwira ndi mayi akunyumba, amene adalowa ndi tiyi ndi zitumbuwa, nakamba nkhaniyo mozungulira mpaka aliyense adaona ngati maganizowo ndi ake. Laputopu idalowa pabalaza n'kukhala pafupi ndi rauta. Liwiro lidakwera kufika 4 MB pa sekondi. Ndidawerengetsanso ndi pensulo yanga ndipo ndidapeza maola 10 ndi mphindi zingapo. Nthawi n'kuti ikuthamangira 8 koloko. Sizikadakwana.

Mtsikanayo adayang'ana maina a Wi-Fi pa laputopu napeza kuti rauta yathu imaulutsa maina awiri ofanana, koma limodzi lili ndi 5 kumapeto. Zaka zonsezi ine ndinkaganiza kuti lachiwirilo ndi la anansi. Adati marauta ambiri a masiku ano amaulutsa pa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amafika patali ndipo amapyola makoma bwinoko, koma njira yake ndi yopapatiza. Muli tinjira titatu tokha tosalowererana, 1, 6 ndi 11, ndipo momwemo mumadutsanso marauta a anansi ndi zipangizo za Bluetooth. Achiwiriwo ali ndi tinjira tambiri totakasuka ndipo amathamanga, makamaka chiyambire muyezo wa 802.11ac umene udakhazikitsidwa mu 2013, koma khoma limawafooketsa msanga. Popeza tsopano laputopu idali pamphuno pa rauta, adaisamutsira ku 5 GHz. Nambala idalumpha kufika 11.

Tidaomba m'manja. Koma mtsikanayo adangoti duu, maso ali pa sikirini. Nambalayo siinkakwera kapena kutsika. Inkangokhala pa 11, nthawi zina 11 ndi kakang'ono pamwamba, ngati galimoto imene yagunda khoma. Adatenga kanthambo kafupi kamene kadabwera m'bokosi la rauta, nalumikiza laputopu ku rauta mwachindunji, n'kuzimitsa Wi-Fi. Nambala idakhalabe 11.

"Amalume, nambala iyi ndimaidziwa. Gawani 100 ndi 8."

Ndidapeza 12 ndi theka. Adati ukachotsapo za malonje zija pamatsala 11 kapena 12 osakwana, ndipo paliponse pamene uona liwiro litaima nji pa nambala imeneyi, dziwa kuti penapake panjira pali mlatho wa 100 Mbps. Muyezo wa 100 Mbps pa nthambo ndi wa 1995, ndipo wa 1000 Mbps, umene amautcha Gigabit, udafika pa nthambo za kopa mu 1999. Makompyuta ambiri amene tili nawo m'nyumba, ngakhale okalamba, amatha Gigabit. Adatsegula Settings pa laputopu, kulowa pa Network & Internet, kenako pa Ethernet, natisonyeza mzere wolembedwa Link speed. Padali 1000/1000. Tidapita naye kuchipinda chakuseri natsegula malo omwewo pa kompyuta yanga. Padali 100/100.

Mnyamata uja adati, "Ndimanena ine, ndi chiphakasa." Koma msuweni wakeyo adamuonetsa dzina la kachipangizo ka netiweki ka m'kompyutamo, ndipo m'dzinamo mudali mawu akuti Gigabit. Adabwerera pabalaza, nazula nthambo yaitali ija n'kuilowetsa pa bowo la rauta pamene laputopu idapeza 1000. Kompyuta yanga idanenabe 100. Kompyuta idapezeka yosalakwa, rauta yosalakwa. Wotsala pamlandu adali mmodzi, nthambo ya kudenga.

Apa ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. Nthawi idali hafu pasiti 9, ndipo pa liwiro la 11 ntchito yonse ikadatenga maola anayi osakwana. Ndidati basi, chimene chikuyenda musachigwire, tiyeni tikagone, pofika 2 koloko zikhala zitatha. Mtsikanayo adafuna kuyankha koma adadzigwira, poti ndine malume wake. Tidasiya makina akugwira ntchito. Hafu pasiti 10 magetsi adathima.

Rauta idazima, kompyuta yanga idazima, nyumba yonse idangoti bii. Chowala chidatsala ndi sikirini ya laputopu, imene ili ndi batire, ndi nyali za asodzi a usipa kutali panyanja. Katundu amene adali atawoloka adali pafupifupi 40 GB. Wotsala adali 110 GB, ndiye kuti maola atatu osakwana pang'ono pa liwiro lija, ndipo palibe amene akadanena nthawi imene magetsi adzayake. Tidakhala pabalaza atatu, alendo atagona, udzudzu ukulira m'makutu.

Mumdima momwemo funso lidandifikira limene ndidayenera kufunsa masana. "Kodi mwa zimene zawolokazi, mawu a agogo ako alimo?"

Mnyamatayo adayang'ana, nati ayi. Kompyuta idayamba ndi makanema a ukwati, ndipo chikwatu cha mawu chidali kumapeto kwenikweni. Ndidafunsa kukula kwake. Adati 2 GB.

Owerenga anzanga, ndidachita manyazi. Mawu a munthu satenga malo ambiri ngati kanema. Chinthu chimene chidandisowetsa tulo chikadawoloka m'mphindi 35 ngakhale pa liwiro la kamba lija la 1 MB, ndipo chikadakwana kasanu ndi kawiri m'kafulashi kamene tidakanyoza. Tidatha tsiku lathunthu tikukankha makanema a anthu akuvina ndi kupereka perekaniperekani, amene theka la mudzi lili nawo kale m'mafoni, n'kusiya kumbuyo chinthu chokhacho chimene chikatayika sichingapezekenso. Pofuna kusamutsa zonse, sitidakhale pansi n'kufunsana kuti choyamba n'chiti.

Popeza laputopu idali ndi moto, mtsikanayo adalowetsa fulashi ija, ndipo pasanathe mphindi 10 mawu a amayi adali pamalo awiri. Ndidaitenga n'kuiika m'thumba la malaya. Kenako mnyamatayo adatsegula fayilo imodzi kuti titsimikize. Mudamveka kaye nkhuku, kenako chifuwa chija ankatsokomola asanayambe nkhani, kenako iwo eni, akufotokoza mmene amayi awo ankapunthira mpunga ndi mmene anthu adathamangira kudoko kukaona sitima. Mayi akunyumba adatuluka kuchipinda nakhala pamphasa osanena kanthu. Pakati pa nkhani amayi adamudzudzula mdzukulu wawoyo kuti asiye kuseweretsa foni pamene akulu akuyankhula, osadziwa kuti foniyo ndiyo ikusunga mawu awo. Tidaseka, ndipo ena a ife tidapukuta m'maso.

Mtima utakhala pansi, mtsikanayo adati popeza tulo palibe, tiyeni tikaione nthambo. Tidaika mpando pamwamba pa tebulo, mnyamata nakwera ndi tochi, ine nditagwira miyendo ya mpando. Adatsata nthamboyo ndi dzanja kuchokera pabalaza, ndipo pamwamba pa khoma la chipinda chimene timasungamo matumba a mpunga adafuula. Khoswe adali atatafuna chikopa cha nthambo kutalika ngati chala. Adaitsitsa pang'ono kuti tione. M'kati mudali timawaya 8 topotana tiwiritiwiri: tiwiri ta mtundu wa lalanje, tiwiri tobiriwira, tiwiri tabuluu, tiwiri tabulauni. Kamodzi mwa tabulauni kadali kataduka.

Ndidafunsa kuti nanga nthambo yoduka inkagwira bwanji ntchito miyezi yonseyi. Mtsikanayo adati liwiro la 100 Mbps limangofuna timawaya tinayi, talalanje ndi tobiriwira, pamene la 1000 limafuna tonse 8. Makina awiri akalumikizana amayamba akambirana liwiro limene angathe, ndipo akaona kuti timawaya tina sitikuyankha, ambiri amangotsikira pa 100 mwakachetechete, osadandaula. Khosweyo akadaluma kobiriwira, nthambo ikadafa tsiku lomwelo ndipo tikadadziwa. Poti adaluma kabulauni, idapitiriza kugwira ntchito motsimphina, ndipo ine sindikadazindikira, chifukwa intaneti imene imafika pakhomo pathu siifika n'komwe pa 100. Adawonjezera kuti kusitolo kwawo adaonapo nthambo zotchipa zimene m'kati mwake muli timawaya tinayi tokha chichokere kufakitale, ndipo zimenezo sizingapitirire 100 ngakhale zili zatsopano.

Nthambo ina yaitali tidalibe. Idalipo ndi yaifupi ija yokha. Mnyamata adati tinyamule kompyuta kupita nayo pabalaza, koma zikadafunika nthambo ziwiri, ina ya laputopu ina ya kompyuta. Msuweni wake adati rauta tiisiye igone. Makompyuta awiri angathe kulumikizana okha ndi nthambo imodzi, mbali iyi m'laputopu, mbali inayo m'kompyuta. Kale pankafunika nthambo yapadera yopingasa timawaya, koma zipangizo za Gigabit zimadzikonzera zokha. Ndipo ngati palibe rauta yogawa manambala, Windows imadikira kanthawi n'kudzipatsa yokha nambala yoyamba ndi 169.254. Tidanyamula laputopu kupita nayo kuchipinda chakuseri, kulumikiza zonse mumdima, n'kuizimitsa kuti batire isathe. Kenako tidadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Magetsi adayaka 3 koloko. Tikadakhala pa liwiro lakale, ntchito ikadatha cha m'ma 6, mnyamata ali kale pamsewu wa ku Salima. Makina onse awiri atayaka, Link speed idanena 1000/1000. Padali kachopinga kamodzi. Windows idaiona njira yatsopanoyi ngati yachilendo ndipo idatseka khomo logawana mafayilo, choncho mtsikanayo adalitsegula, nalonjeza kulitsekanso tikamaliza. Asanayambe adafufuza kanema amene adali pakati pa ulendo pamene magetsi ankathima, namufufuta m'kompyuta yanga. Adati fayilo yotere imatha kuoneka yathunthu pa dzina ndi kukula komwe, chonsecho m'kati ndi yoperewera. Kompyuta itafunsa za mafayilo amene adalipo kale, adaiuza kuti iwalumphe.

Nambala idakwera ngati thovu la mkaka pamoto: 40, 70, 90. Makanema otsala, 80 GB, adawoloka m'mphindi 15. Ine, poti munthu sakhuta, ndidafunsa kuti bwanji sikufika 125, pakuti 1000 kugawa ndi 8 ndi 125. Adatsegula Task Manager pa kompyuta yanga n'kundionetsa kuti hard disk ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Yanga ndi ya mtundu wakale, ya timbale tozungulira m'kati, ndipo imalemba pang'onopang'ono poyerekeza ndi SSD ya m'laputopu. Mlatho wopapatiza udali utasamuka kuchoka pa nthambo kupita pa hard disk. Ndidazindikira kuti panjira ya katundu wotere nthawi zonse pamakhala malo amodzi opapatiza kuposa ena onse, ndipo ndiwo amalamula liwiro. Ukawakuza, ulamuliro umapita kwa otsatira ake.

Tikuganiza kuti tapambana, nambala idagwa mwadzidzidzi kufika pa 5. Makanema adali atatha ndipo tidalowa m'zikwatu za zithunzi ndi timauthenga ta mawu, timafayilo ting'onoting'ono masauzande ambirimbiri, tokwana 30 GB. Pa liwiro limenelo zikadatenga mphindi 100, ndipo nthawi idali hafu pasiti 3. Mtsikanayo sadatekeseke. Adati fayilo iliyonse, ikule ichepe, ili ndi mwambo wake: kupempha malo, kulemba dzina, kutsegula, kutseka, ndiponso pulogalamu yoteteza ku mavairasi imaisecha payokha. Fayilo ikakhala yaikulu mwambowo suoneka, koma tikakhala tambirimbiri nthawi imathera pamwambo. Mayi akunyumba, amene adali akumvetsera ali pakhomo, adati, "Ndiye kuti mukutuma mwana kukatuta mpunga kudimba ndi kapu. Thirani m'thumba." Adalasa. Mtsikanayo adaimitsa ntchitoyo, namanga timafayilo tonseto m'fayilo imodzi ya zip pa laputopu pomwepo, zimene zidatenga mphindi ngati 15, ndipo thumba limodzilo lidawoloka m'mphindi 6.

Itangopitirira 4 koloko zonse zidali zitatha. Sitidakhulupirire sikirini yokha. Tidayerekeza kukula kwa zikwatu mbali zonse ziwiri, tidatsegula makanema angapo n'kuwathamangitsa mpaka kumapeto, ndipo tidatsegula thumba la zip lija kuona ngati zithunzi zikutuluka. Mnyamata adasamba, namwa tiyi ataimirira. Potsanzikana adagwira dzanja la msuweni wake nati, "Nsapato zosongoka zija ndikutumizira." Adanyamuka tambala akulira kachiwiri, asodzi akukocheza ngalawa zawo.

Tsono abale ndi alongo, ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja muno muli ana amene ali kunja, ndipo akabwera amabwera ndi zithunzi ndi makanema oti asiye. Mukaona kuti katundu akuchedwa kuwoloka, musathamangire kugula bandulo ina kapena rauta yatsopano, monga ndidatsala pang'ono kuchitira ine. Yambani mwafunsa ngati katunduyo akudutsa m'nyumba momwemo kapena akuzungulira kunja. Yang'anani ngati nambala ili ndi b wamng'ono kapena B wamkulu. Sendezani makina pafupi ndi rauta, ndipo ngati nthambo ilipo, nthambo ndiyo yodalirika kuposa mphepo. Nambala ikaima pa 11, onani Link speed mbali zonse ziwiri, kenako kayendereni nthambo yanu ndi tochi. Tinthu ting'onoting'ono timangeni m'thumba limodzi. Ndipo musananyamule chilichonse, khalani pansi mugwirizane kuti chimene sichingagulidwenso n'chiti, chimenecho chiwoloke choyamba.

Sabata yotsatira ndidagula nthambo yatsopano ya Cat6, ndipo ndisanalipire ndidayang'ana kumutu kwake n'kuwerenga timawaya mpaka 8. Tidaiyendetsa m'paipi ya pulasitiki kuti mano a khoswe asaifikire. Mayi akunyumba adati zonsezo n'zabwino koma mankhwala enieni ndi mphaka, ndipo adakapempha kamwana ka mphaka kwa anansi. Mawu a amayi tsopano ali pamalo anayi: m'laputopu ku Johannesburg, m'kompyuta yanga, m'fulashi imene ili m'sutikesi pamodzi ndi zikalata za nyumba, ndi m'fulashi ina imene ndidakasiya kwa mlongo wanga ku Salima, kuti moto kapena mbala zikatiyendera kuno, kumeneko atsale.

Mtsikana uja ndidamufunsa tsiku lina chimene adafuna kunena usiku uja pamene ndidati tikagone. Adayang'ana pansi nati, "Ndimafuna kunena kuti tiyambe ndi agogo, amalume." Kuyambira pamenepo, pakakhala nkhani pakhomo pano ndimamufunsa iye asanamalize kutsuka mbale.

Madzulo ena, magetsi akakhalapo, adzukulu amasonkhana m'chipinda chakuseri ndipo ndimawatsegulira fayilo imodzi. Wamng'ono kwambiri, amene adabadwa amayi atapita kale, adaloweza maina a azigogo asanu motsatana, ndipo amawatchula ndi katchulidwe ka amayi komwe, mpaka kachifuwa kaja koyambira nkhani. Paja adati mawu a akuluakulu amakoma akagonera.